Ndani Anaboola Magata Anga?

"Alamu, gwirani makwererowo bwinobwino! Pamwamba pano pali munthu wodula, osati thumba la mbatatesi."

Ndinali nditaponda pothera penipeni pa makwerero, dzanja lina litagwira m'mphepete mwa denga, lina litanyamula mfuti yomatira ya silikoni imene ndinagula ndekha ku Joni. Pansi, alamu anga a Cosmas anakumbatira makwererowo ngati mwana wodwala. Sanaseke. Ndinaganiza kuti nthabwalayo sanaimve, ndiye ndinaibwereza mokweza.

"Ndagwira, alamu," anatero. "Simugwa."

Ine ndine Bizwell Ngozo. Mukafika ku Limbe n'kufunsa kumene amagulitsa zipangizo zomangira nyumba, akulozerani sitolo yanga musanamalize kutchula dzina. Kwathu ku Tsangano ndinachoka ndi malaya amodzi, nditakhala pamwamba pa matumba a kabichi pa lole ya eni ake. Lero ndege ndaikwera mpaka kuizolowera, ndimagona isananyamuke. Beira ndimamudziwa ngati kuseri kwa nyumba yanga. Ku Dubai ndinadya chakudya pamwamba pa nyumba yoti ukayang'ana pansi anthu amaoneka ngati nyerere. Ku China ndinakanenerera mtengo wa katundu ndi manja okha, chinenero osachidziwa, ndipo wogonja sanali ine. Ndikunena zimenezi kuti mumvetse munthu amene anali pa makwerero tsiku limenelo.

Nyumbayo ndinaimanga pamalo pamene panali nyumba ya malemu mayi anga. Ya mayi inali ya malata akale a dzimbiri, ndiye ndinaigwetsa. Yanga inadzuka yoyera mbee, ya zipinda zoti mlendo amasokera. Koma chimene chinkaimitsa anthu panjira anali magata: timigula toyera ta pulasitiki tozungulira denga lonse, tolandira dontho lililonse la mvula n'kulitsogolera m'paipi mpaka m'thanki yaikulu kuseri kwa nyumba. Munthu ankatha kuima pakhonde langa mvula ikukhuthuka, osadontheredwa ngakhale pa phewa. Ena ankachokera ku Biriwiri kudzangoona zimenezi.

Pampopi wa thankiyo ndinaikapo loko. Chifukwa chake chinali chomveka. Tinkakonza zodzavundukula chiliza cha mayi m'nyengo yozizira, ndipo anzanga a m'tauni amene ndinawaitana si anthu opita kuchimbudzi chokumba. Zimbudzi zamadzi zimamwa madzi. Kiyi wake ndinamukoleka pa mphete ya makiyi anga n'kubwerera ku Limbe.

Vuto linali pa ngodya imodzi yokha, yoyang'anana ndi kanyumba kaudzu ka achemwali anga a Lufina, akazi a a Cosmas. Nthawi iliyonse ndikabwera kumudzi m'dzinja ndinkapeza khoma la pamenepo litathimbirira ndi matope ofiira, chizindikiro chakuti gata likudontha. Poyamba ndinati ndi matalala, ndinatuma mmisiri kudzamata. Litadonthanso ndinaimbira foni amene anandigulitsa, ndinamutukwana m'zinenero zitatu. Ulendo uno ndinati ayi, mwini wake akwere yekha.

"Muzionera, alamu, sukulu yaulere iyi," ndinatero ndikukokolola masamba ndi fumbi m'gatamo. "Choyamba umapukuta, paume gwa. Pulasitiki yonyowa simvana ndi guluu. Ukatero umakwecha pang'ono ndi sanipepa, kenako kachigamba ka pulasitiki yomweyo, kenako silikoni m'mbali monse. Azungu a ku Joni amatero. Mukumva?"

"Ndikumva."

Nditapukuta bwino ndi kansanza, ndinachiona chiboocho. 

Ine pulasitiki ndimagulitsa, ndimaidziwa. Ikamenyedwa ndi matalala imang'aluka mzere. Ikapsa ndi dzuwa imayoyoka. Ichi chinali chozungulira bwinobwino ngati diso la nkhuku, m'mbali mwake mutatukuka timilomo takuda. Pambali pake panali chigamba cha mmisiri uja, chili bwinobwino, osasuntha. Winawake anawotcha msomali pamoto, n'kukwera pano, n'kuboola pafupi ndi pamene tinamata.

"Achemwali!" ndinakuwa.

Achemwali anali pakhomo pa kanyumba kawo, atatambasula mwendo umodzi, akusankha nyemba m'lichero. Iwo ndi aakulu kwa ine. Dzinja lapitalo anaterereka n'kugwa, chiuno chawo sichinabwererenso mwakale, ndipo ine ndinawatumizira mankhwala opaka ochokera kunja, a fungo loti mudzi wonse unadziwa kuti mlongo wawo ndi ndani.

"Achemwali, pamudzi pano pali njoka! Gata langa sakuliboola matalala ayi. Akuliboola munthu, ndi msomali wamoto!"

Makwerero anagwedera pang'ono. Ndinayang'ana pansi.

"Ndati gwirani, alamu! Mwatani kodi?"

"Pepani," anatero a Cosmas, maso ali pansi.

Achemwali anaweramira lichero lawo. Anapitiriza kusankha nyemba, koma ndinaona kuti akutaya zabwino pamodzi ndi zofumbwa. Ndinati mumtima: nawonso nkhaniyi yawapweteka.

Lamulungu anthu atatuluka m'tchalitchi ndinaitana mbumba yonse. Ndinatsekula nyumba yaikulu, chinthu chimene sichichitika kawirikawiri. Anthu anavula nsapato pakhomo osauzidwa, n'kukhala m'mphepete mwa mipando yanga yofewa, imene inali idakali m'mapulasitiki ake. Pampando waukulu ndinaika malume a Benson, mlongo wa mayi anga, amene atsala okha mwa akuluakulu a banja lathu.

Chiboocho ndinali nditachijambula pa foni. Ndinaiyendetsa foniyo dzanja ndi dzanja, aliyense aone. Kenako ndinaimirira. Kulankhula ndimatha, zimenezo ngakhale adani anga amavomereza.

"Malume, amayi ndi abambo, ine ndayenda. Kumene ndapita, munthu akamanga chinthu chokongola, anzake amamuwombera m'manja. Kuno kwathu amamuwotchera msomali. Ndalakwanji? Padenga la tchalitchi ndani anaikapo malata? Maliro akagwa pamudzi pano, bokosi limachokera kuti? Nsanje, abale anga! Nsanje ndi imene yatisaukitsa!"

Ena anagwedeza mitu. Wina anati, "Zoona, Ngozo." Mawu amenewo anandikwera kumutu ngati mowa wamasese, ndipo pakamwa panga panathamanga kusiya nzeru m'mbuyo.

"Ndiye ndikulumbira, pali mayi anga amene agona apo. Munthu ameneyu ndikamudziwa, ngati ndi wa magazi athu, dzina langa asadzalitchulenso. Ngati ndi wobwera, msewu ndi uwo. Dzuwa lisadzamutulukire pamudzi pano."

"Mphwanga," anatero malume mofatsa, "manda salumbirira pa nkhani ya pulasitiki."

"Ndalumbira kale, malume."

 Kenako msuweni wanga Regina, amene pakamwa pake sipadziwa kupuma, anayamba kung'ung'udza kuti ana a m'nyumba yakumtunda amakonda kusewera kuseri kwa thanki. Mayi wa anawo anadzuka ngati walumidwa ndi linthumbu. Zala zinayamba kulozana. Nkhani zakale za mbuzi ndi malire a minda zinayamba kufukuka, ndipo ine, kunena zoona, ndinkamva kukoma kuona mudzi wonse ukutekeseka chifukwa cha gata langa.

"Asiyeni anawo."

Anali a Cosmas. Anali ataimirira pafupi ndi chitseko, manja ali kumbuyo. Iwo kwawo ndi kuchigwa, ku Sharpevale. Anabwera kudzakwatira achemwali ine ndili mnyamata wa kabudula, ndipo kuyambira pamenepo akhala pamudzi pathu monga mkamwini, kulima minda yathu, kukumba manda a anthu athu. Tinkawaseka kuti munthu wa kotentha sadzazolowera chisanu cha kumapiri kuno. Tsiku limenelo anavala jekete lachikopa limene ndinawabweretsera kuchokera ku Joni.

"Ndine ndinaboola," anatero. "Nthawi zonsezi ndine."

Ndinaseka, poyesa kuti mwina ayamba nthabwala paukalamba. Palibe anandithandiza kuseka.

"Inu? Inu amene dzana munandigwirira makwerero?"

"Ine ndemwe."

"Chifukwa chiyani, a Cosmas?" anafunsa malume.

"Ndinangoboola, malume."

"Munthu wa imvi sangangoboola. Nenani, tikumveni."

Achemwali anayamba kudzuka pansi pamene anakhala, akugwira khoma. "Malume, nkhaniyi ine ndi..."

"Nangozo, khalani pansi," anatero a Cosmas. Sindinawamvepo akulankhula ndi akazi awo mwa mphamvu chotero. "Msomali ndinawotcha ndine, makwerero ndinakwera ndine. Inu chiuno chanucho mungakwere pati? Khalani pansi."

Achemwali anakhala, n'kudziphimba kumaso ndi chitenje.

Maso onse anatembenukira kwa ine. Pamenepo mpata unalipo. Malume anautsekula okha: anati mkamwini walakwa, apereke nkhuku, agule guluu, nkhani ithe. Ndikanatha kuvomera. Koma ndinayang'ana nkhope zonse zija zimene zinandimva ndikulumbira, ndinaganiza za mmene adzaisimbire nkhaniyi kumsika, kuti Bizwell amabangula ngati mkango koma amaluma ngati mwanawankhosa. Ndinayang'ananso jekete lija.

"Taonani chimene avala," ndinatero. "Funsani kumene chinachokera. Munthu ndimamuveka, iye n'kumandiboolera nyumba! Ayi, malume. Kwathu kuno mkamwini ndi mlendo ngakhale atamera imvi. Mwini mbumba ndine. Ndanena, ndanena."

A Cosmas sanatsutse. Anavula jeketelo pang'onopang'ono, analipinda bwino manja ake mkati, n'kuliika pa mkono wa mpando. Anatsala ndi malaya opyapyala oduka kolala. Anawerama pang'ono kwa malume, n'kutuluka kukafuna nsapato zawo pakati pa nsapato za anthu.

Madzulo a tsikulo ndinakwera ndekha, makwerero nditawatchinga ndi miyala. Ndinamata chiboo chija ndi mkwiyo wonse umene ndinali nawo. Ndinakwecha mpaka pulasitiki inatuwa, ndinaika chigamba mkati, china kunja, silikoni ndinathira mosaumira n'kusalaza ndi chala. Ntchito imeneyo ngakhale mzungu wa ku Joni akanaivulira chipewa. Ndili pamwambapo ndinaona utsi sukutuluka m'khitchini mwa achemwali, koma ndinati akwiya chabe, ziwathera.

M'mawa kunacha ndi mvumbi, mvula ija yosathamanga imene imatha kugwa tsiku lonse, nkhungu itaphimba mapiri a kumalire. Ndinasangalala. Ndinatenga ambulera ndi kapu ya tiyi n'kutuluka kukayendera ntchito ya manja anga. Madzi ankayenda m'magata mwakachetechete, n'kumagwera m'thanki ndi kaphokoso kokoma. Ndinazungulira nyumba ndikuimba mluzu.

Nditafika pa ngodya ija ndinaima.

Achemwali anali pamenepo, atandifulatira, atafunda chitenje kumutu. Patsinde pa khoma panali mwala wafulati umene sindinauonepo, ngakhale ndinaupondapo kangapo poika makwerero. Pamwalapo anali ataikapo ndowa. Anaimirira atatsamira ndodo, nkhope itayang'ana kumwamba, pa chigamba changa. Anadikira. Mvula inkawagwera kumaso. M'ndowamo simunagwe kanthu koposa timadontho ta mvumbi tongonyowetsa pansi.

Kenako anawerama movutikira n'kunyamula ndowayo. Pamwala panatsala chizindikiro chozungulira, chodyeka, cha ndowa imene yakhala ikuikidwa pamalo omwewo nthawi yaitali.

Tiyi uja anandizizirira m'manja.

Anatembenuka kulunjika kanjira kotsikira kudambo. Mjigo wa pamudzi pathu unafa kalekale, ndipo madzi akumwa amachokera pa kasupe wa kumunsi kwa phiri. Kanjirako m'chilimwe a Cosmas ankatsika ndi njinga n'kukwera nayo akukankha, zigubu zili mbali ndi mbali. M'dzinja njinga siyendamo. Ndi dothi lofiira, loterera ngati therere. Ndi momwemo mmene achemwali anagwera.

"Achemwali!"

Anaima, osatembenuka.

"Achemwali, ndiye kuti chiboo chija..."

"Mwamata bwino, achimwene," anatero. "Sichikudontha."

Ndinawazungulira kuti ndiwaone kumaso. Maso awo anali otupa.

"Bwanji osatchera madzi padenga lanu?"

"Laudzu? Mwaiwala mtundu wa madzi a paudzu? Munachoka kalekale eti." Anapukuta mvula pachipumi. "Nyumba ya mayi inali yonyansa, inde. Koma mvula ikagwa tonse tinkandandalika ndowa ndi mabeseni pansi pa malata aja. Dzinja lonse kudambo sitinkapitako. Inu munabwera ndi zoyerazi, madzi onse n'kulowa m'chithanki."

"Nanga bwanji simunanene? Ine ndi munthu wokana kanthu? Ine?"



"Ndinanena. Nditangotuluka m'chipatala. Munati thanki si mjigo wa boma."

Ndinatsekula pakamwa kuti ndikane, koma mawuwo ndinawazindikira. Anali anga. Ndinakumbuka ndi malo omwe: ndinali pachipata cha Mwanza, katundu wanga atagwidwa, foni ili pakati pa khutu ndi phewa. Ndinayankha moseka, anzanga amene anali pafupi nawonso anaseka, ndinati tidzakambirana. Foni itadulidwa nkhaniyo inatuluka m'mutu mwanga osabwereranso. Mlungu womwewo ndi umene ndinatumiza mankhwala opaka aja.

Ndinaika kapu pansi, ndinatulutsa makiyi m'thumba. Ndinayamba kulimbana ndi mphete ija kuti ndichotse kiyi wa thanki. Chikhadabo chinathyoka, kiyi osatuluka.

"Tengani, achemwali. Tengani onsewa. Tsekulani, tungani mmene mungafunire, itanani ndi a Regina omwe..."

"Kiyi wanuyo sungani." Sanakweze mawu. "Madzi ndikhoza kukwawa n'kukatunga. Ndikufuna amuna anga."

"Ali kuti?"

"Munati dzuwa lisawatulukire pano. Iwo aja samva kawiri."

Galimoto yanga ndi yamphamvu, yokoka mawilo onse, koma tsiku limenelo inkavina m'matope ngati yaledzera. Njira yonse ndinkayang'ana uku ndi uku, mwina ndiwaona atabisala mvula pansi pa mtengo. Ndinkakonza mawu. Ndinakonza abwino kwambiri, oti munthu akamva angoseka n'kukwera. Ndinaganizanso kuti akapanda kupezeka pasiteji, akakhala kuti lole yawatenga kale, ndiye kuti nkhaniyi yachoka m'manja mwanga. Mkamwini akafika kwawo atathamangitsidwa, abale ake samubweza ndi foni. Pamafunika ankhoswe, milandu, miyezi. Ena sabwerera n'komwe, makamaka pa msinkhu umenewo.

Ndinawapeza pamsika wa Tsangano, pakhonde la sitolo ina, pakati pa matumba a mbatatesi odikira malole otsikira kumsewu wa tala. Anakhala pa njerwa, manja atawapana m'khwapa chifukwa cha chisanu. Pambali pawo panali chikwama cha pulasitiki chamizeremizere, chija amanyamulira katundu a maulendo. Khondelo linali lodzaza: amalonda, onyamula matumba, amayi ogulitsa zitumbuwa. Ambiri ankandidziwa. Ena anayamba kale kukuwa, "Bwana Ngozo! Afika a Joni!"

Ndinatsitsa galasi.

"Alamu! Mwafika patali ndi nthabwala. Kwerani tizipita, achemwali akudikira."

Anandiyang'ana osadzuka.

"Zinali nthabwala?"

Mawu onse amene ndinakonza m'njira anabalalika. Ndinatsika, n'kuponda m'chithaphwi ndi nsapato zanga zosongoka. Ndinafika pafupi n'kutsitsa mawu kuti ena asamve.

"Ndaona ndowa ija, alamu. Ndaona mwala. Bwanji simunanene dzulo? Malume anakufunsani kawiri konse."

"Ndinene chiyani?" Iwo mawu sanatsitse, koma sanakwezenso. "Pamaso pa mbumba yanu yonse, pa mipando yanu, ndinene kuti mwini mbumba amamana mlongo wake madzi a mvula? Mukanalowa pati, alamu? Nanga Nangozo akanatchedwa chiyani, wakuba madzi a mchimwene wake?" Anapukusa mutu. "Ndinaona kuti bola achoke mlendo. Mlendo akachoka mudzi umatsala."

 Mayi wina anasiya kuwerengera kasitomala zitumbuwa.

"Koma kuboola, alamu... mukanandiimbira ine."

"Akazi anga anakuimbirani. Ine ndikanaimba ngati ndani?" Anayang'ana manja awo. "Kuboola ndinalakwa, sindikana. Chinthu ndi chanu. Tsiku lililonse lowotcha msomali ndinkadziwa kuti ndikulakwa. Koma ndinawanyamula kumsana kuchokera kudambo kuja tsiku limene anagwa. Sindinafune kuwanyamulanso."

Pamenepo lole inatulukira m'nkhungu ikuliza hutala, wothandizira dalaivala atalendewera kuchitseko. "Kumsewu! Kumsewu! Wopita kumsewu akwere pamwamba!" Onyamula matumba anadzuka. A Cosmas nawonso anadzuka, n'kuwerama kuti atenge chikwama chawo.

Ine amene ndinagonjetsa Mtchaina popanda chinenero, ndinangopeza ndagwada pansi, pamatope, pamaso pa onyamula matumba amene ndimawaponyera za fanta ndikamadutsa. Thalauza langa linamwa madzi m'maondo.

"Musakwere, alamu," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono, osakhala anga. "Chonde. Musakwere."

"Madala, mukukwera kapena mukupemphera?" anakuwa wa pa lole uja. Wina anaseka, mnzake anamugunda ndi chigongono.

A Cosmas anayang'ana loleyo, anayang'ana njira yobwerera kumudzi, kenako anayang'ana ine.

"Munalumbira pa manda a mayi anu."

"Ndikalankhula nawo ndekha mayiwo. Amandidziwa pakamwa panga."

Kumaso kwawo kunadutsa kanthu kofanana ndi kumwetulira, koma sikanakhalitse.

"Anthu amene munawaitana dzulo muwaitanenso. Onse. Akhale pa mipando yomwe ija. Zimene mukanene ndi zanu, ine sindikuuzani."

"Ndiwaitana lero lomwe."

"Ndipo galimoto yanuyo sindikwera. Ndinatuluka m'mudzi wapansi anthu akuona. Ndilowanso wapansi."

"Ndi kutali, alamu. Mvula iyi..."

"Ndabwera nayo mvula yomweyi."

Lole inadzaza matumba ake n'kunyamuka, utsi wakuda uli m'mbuyo. A Cosmas anatsika pakhonde n'kulowa m'mvula, chikwama chili m'manja. Ndinayang'ana galimoto yanga, chitseko chili chotsekula, injini ikulira. Ndinaizimitsa, ndinakhoma, n'kuwathamangira ndikuterereka.

"Bweretsani katunduyo, alamu. Ameneyo ndiye ndinyamule ine."

Anakaniza pang'ono, kenako anasiya. Ndinalimbitsa mkono ndi msana monga munthu wolandira katundu wa mnzake amene akusamuka pamudzi pamene wakhala moyo wake wonse. Ndinakoka ndi mphamvu, ndipo chikwamacho chinauluka m'mwamba mpaka ndinadzandira.

Zipi yake inali yakufa. Ndinasuzumiramo: bulangete limodzi lothetheka, malaya awiri, Baibulo lopanda chikuto, ndi kawailesi komangidwa ndi mphira. Basi. Minda, mbuzi, mitengo ya mapichesi imene anabzala, kanyumba kamene anamanga ndi manja awo, zonsezo ndi za pamudzi pathu. Ine pabwalo la ndege amandilipiritsa chifukwa cha kulemera kwa masutikesi a ulendo wa mlungu umodzi.

A Cosmas anali patsogolo, malaya atamatirira kumsana, akuponda m'matope mosathamanga ngati munthu wodziwa pamene pali mwala uliwonse. Sanacheuke. Ine ndinkatsatira m'mbuyo. M'makonde a masitolo anthu anatuluka kudzationerera, ndipo mpaka tinatuluka pamsikapo ndinkangosinthasintha chikwamacho, phewa ili, phewa ilo, ndikuwerama pang'ono, kuti oonawo aziyesa kuti n'cholemera.